Tambala Sachita Pulakatisi

Achimwene anga anabadwa ndi ng'oma m'manja. Musati ndikuwakometsera poti tinayamwa bere limodzi, ayi. Kafunseni aliyense amene anakulira m'makomboni a mapulazi a kuno ku Mvurwi, akuuzani. Ali ndi zaka zisanu ankaimba pabafa la amayi, akazi opita kothyola fodya n'kuyamba kugwedeza m'chiuno foromani akuwaona. Atakula pang'ono ankaimba pachitsulo cha thalakitala, pachitseko cha shedi, ngakhale pamsana panga ndikawerama kuti nditunge madzi. Palibe anawaphunzitsa. Malemu bambo athu, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kudzafera kuno kudziko la eni osabwererako, anangowamvetsera tsiku lina, n'kutsitsa ng'oma yawo kudenga, n'kunena kuti, “Tenga, yakudziwa.” Ine nditati ndiyeseko, anandimvetseranso bwinobwino, kenako anati, “Iwe mwana wanga, manja akowa Mulungu anawalenga omangira fodya.” Ndipo ndamangadi fodya moyo wanga wonse.

Mapulazi a azungu atagawidwa ndi boma, ife tinatsala momwemo m'komboni, poti tikanapita kuti? Masiku ano timadya za maricho, ganyu uja wa tsiku ndi tsiku, kwa alimi atsopano. Ine ndimapalira, kuthyola ndi kusankha masamba. Achimwene amasonkhezera moto kumabani, nyumba zazitali zija zoumitsiramo fodya, ndipo kumenekonso ndi katswiri. Amangoika chikhatho pakhoma n'kudziwa kuti moto wakwana kapena wachepa. Koma anthu ambiri anabalalika, magule a Loweruka anatha, ng'oma ija inabwerera kudenga. Inakhalako zaka zingati, sindinawerenge. Sindinaganizepo n'komwe kuti n'kofunika kuwerenga. Mphatso ndi mphatso, ndinkatero ine. Kodi imawola ngati matimati?

Tsono mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndili naye, yemwe bambo ake anamwalira iye akukwawa, anapeza mwamuna. Mnyamata waulemu wake, wa pulazi ina ya kufupi ndi Glendale, makolo ake ochokera ku Tete, anthu opemphera kwambiri. Ukwati anauika m'mwezi wa Malichi, fodya ali m'mabani, ndipo madyerero anati achitikire pabwalo la komboni yathu.

Kuno kwathu ukwati wopanda masitepi si ukwati. Operekeza akwati, anyamata asanu ndi atsikana asanu, amalowa pabwalo awiriawiri akuvina mofanana, phazi ndi phazi, ndipo akatsegula njira m'pamene mkwatibwi amatulukira. Anthu amaiwala nyama imene anadya, koma masitepi amawakamba chaka chathunthu. Mwana wanga anayamba kulota za masitepi ake adakali kusukulu ya papulazi. Ankavina yekha kuseri kwa nyumba atafunda katani kumutu.

Asewere anga, mayi ake a mnyamata, atabwera kudzapangana za tsikulo anati, “Za nyimbo musavutike nazo, asewere. Tili ndi sipika yaikulu ya batire la sola, yofika m'chiuno. Tibwera nayo.”

Apo m'pamene pakamwa panga pananditsogolera, mutu n'kutsala m'mbuyo.

“Sipika? Kwathu kuno? Asewere, sipikayo muisiye ku Glendale konko, muzimvera nkhani. Ife tili ndi malume ake a mwanayu. Amenewo akangoigwira ng'oma, ngakhale abusa avula jekete.”

Asewere anayang'ana amuna awo, amuna awo anayang'ana pansi. “Chabwino, asewere,” anatero. “Mwanena ndinu eni bwalo.”

Alendo atangopotoloka, mwana wanga anandigwira mkono. “Amayi, mwachita chiyani? Amalume anaimba liti komaliza?”

“Khala chete iwe. Unabadwa liti kuti uwadziwe amalume ako?”

“Ndi tsiku langa limodzi lokha, amayi. Silidzabweranso.”

Misozi inali italenga m'maso mwake. Ine ndinadziguguda pachifuwa n'kumuuza kuti, “Udzalowa pabwalo paja bwino kuposa mkwatibwi aliyense amene analowapo. Ndalonjeza ine, mayi ako.” Ndinanena ndikuseka. Iye sanaseke.

M'mawa mwake ndinawapeza achimwene kubani akuponya chikuni m'ng'anjo. Ndinawafotokozera zonse, za sipika, za asewere, za lonjezo langa. Anasangalala kwabasi, mpaka anavina pang'ono ndi chikunicho. Nditati pulakatisi iyamba Lolemba madzulo tikaweruka kumaricho, anaima n'kundiyang'ana ngati ndawatukwana.

“Ine? Pulakatisi?”

“Inde, achimwene, kuti muwadziwe masitepiwo.”

“Mlongo wanga, unamuonapo tambala akuchita pulakatisi masana kuti adzalire bwino m'mawa? Pulakatisi ndi ya anthu ngati iwe. Ine mudzangondiuza tsiku ndi nthawi, basi.”

Ndinaseka mpaka kugwira khoma, khomalo n'kundiotcha. Ndinabwerera kunyumba ndikunyadira kuti banja lathu lili ndi munthu wotere.

Wophunzitsa masitepi anali mlongo wake wa mkwati, kamtsikana kochepa thupi kosoka zovala ku Concession. Ankabwera pa kombi, kaminibasi kaja, katatu pa sabata, wezulo ali m'khosi. Kuchepa kokhako, koma akaliza wezuloyo anyamata andevu ankanjenjemera. Lolemba loyamba onse anasonkhana pabwalo, anaima pamzere, n'kudikira. Achimwene zii.

“Nanga tivina chiyani, amayi?” anafunsa wawezulo. “Mphepo?”

Manyazi anandigwira. Ndinathamangira m'nyumba, n'kukhuthula madzi a m'chigubu changa chachikasu chotungira kumjigo, n'kudzakhala nacho pa njerwa. “Ndingogwirizira malo,” ndinatero. “Eni ake abwera Lachitatu.”

Abale inu, kuimba kwanga kwa tsiku limenelo! Du, du, pa. Du, du, pa. Nkhuku zinathawa pabwalo. Mtsikana mmodzi anaseka mpaka kukhala pansi. Wawezulo anangoti pyee! “Ayi, amayi, mwathamanga.” Pyee! “Amayi, tsopano mwagona.” Pyee! “Amayi inu, mukupita kuti? Ife tili kuno!” Ndinatuluka thukuta kuposa tsiku lothyola fodya. Lachitatu achimwene sanabwere, ati moto unali pa nthawi yovuta. Lachisanu ati mutu. Sabata yotsatira sanavutikenso n'kupeka chifukwa.

Masitepi amene mtsikanayo anakonza anali ndi poima patatu. Pamenepo ng'oma imakhala chete kamphindi, ovina onse n'kuuma pomwe ali. Poima poyamba amatembenuka n'kuyang'anana. Pachiwiri anyamata amagwada bondo limodzi. Pachitatu mzere umagawikana pakati, atsikana uku anyamata uku, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro cha mkwatibwi kuti atuluke. Woimba akaphonya poima, zonse zasokonekera. Ine poti khutu ndilibe, ndinapeza nzeru yanga. Ndinkayang'anitsitsa mapazi a mtsikana wotsogolera mzere n'kumawerenga chamumtima, maso osachoka pamenepo. Ndikangodzutsa mutu kuti ndione nkhope ya munthu, chiwerengero chinkandithawa.

Ndiye ndinkawerenga paliponse. Kumunda ndinkaimba pampini wa khasu. Posankha masamba ndinkaimba pantchafu. Pophika sadza, nsima ya kuno, ndinkaimba pachivundikiro cha poto mpaka sadzalo kupserera. Mkazi wa mlimi amene ndinkamugwirira maricho anandiona tsiku lina ndikuimba pabelo la fodya milomo ikuyenda, n'kundifunsa mwakachetechete ngati ndagwidwa ndi mashawe. Zikhatho zinatupa, ndinkaziviika m'madzi ofunda a mchere. Kenako zinasiya kutupa, zinauma gwa. Sabata yachinayi wezulo anayamba kulira mwa apo ndi apo. Yachisanu tinatha masitepi onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda pyee ngakhale mmodzi, wawezulo n'kundiyang'ana modabwa. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Kukoma kokha kunalibe, ndisaname. Anali du, du, pa yemwe uja, kungoti tsopano ankafika pa nthawi yake.

Achimwene anaonekera kamodzi kokha. Ankadutsa pa njinga, n'kuima pambali mwendo umodzi pansi, kumvetsera kuimba kwanga nkhope atakwinya ngati alawa mandimu. Kenako anatsika, n'kuyamba kugogoda ndi zala pampando wa njingayo. Pampando wa njinga, anthuni! Maiwe! Tsitsi linandiima. Atsikana anakuwa, anyamata anasiya mzere n'kuyamba kudzivinira, ngakhale wawezulo anangoti kukamwa yasa, wezulo n'kugwera pachifuwa. Sanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Anasiya, n'kunena kuti, “Mwaona?” Anakwera njinga, ulendo.

Ine ndinalulutira ndekha n'kuzungulira chigubu changa kawiri. “Wamva?” ndinamufunsa mwana wanga. “Wamva amalume akowo?”

“Ndamva, amayi. Koma poima sakupadziwa.”

“Adzapadziwa. Anthu oterewa amachita kununkhiza.”

Masabata awiri omaliza mvula inagwa yosalekeza, ija yonyowetsa ndi mchere womwe m'chitini. Tsiku la ukwati kunacha bwino, kadzuwa kofooka, pabwalo matope. Ndinavala chilundu changa chatsopano, duku lalikulu, ndi nsapato zazidendene zobwereka kwa mnzanga wakwaya. Tisanapite kutchalitchi ndinati ndiyambe ndadzera kwa achimwene, mtima ungokhala m'malo. Ndinawapeza atakwera pampando akutsitsa ng'oma kudenga. Inatsika ndi fumbi, ndi ukonde wa kangaude, ndi kachisa ka mavu kumbali. Anaipukuta ndi malaya akale, anaiika pakati pa miyendo, ananditsinzinira diso, n'kuimenya.

Phwa.

Anaimenyanso. Phwa. Ngati munthu wamenya thumba la chimanga chonyowa.

“Chinyontho chabe,” anatero. “Ingofunika kuwamba.”

Kuwamba ng'oma ndinkakudziwa, ndinkaona bambo athu akuchita. Umayatsa kamoto ka udzu wouma, n'kuyandikiza chikopa pang'ono, kuchotsa, kugogoda ndi chala, kumvetsera, kuyandikizanso, mpaka mawu ake atakwera pamene ukufuna. Ndi ntchito yofuna kudekha, ndipo ng'oma suisiya yokha. Koma udzu wouma tikanaupeza kuti m'komboni monse mutanyowa chonchija? Nditafunsa zimenezo, achimwene anaseka mpaka kutsokomola.

“Iwe, ukudandaula za moto pamaso pa ine?”

Anaisenza paphewa, ine pambuyo ndikuzyolika ndi zidendene zanga m'matope. Bani limene ankasonkhezera linali pa tsiku lake lomaliza, loumitsa mitsempha ya masamba, pamene moto umakhala waukali kuposa masiku onse. Ukangotsegula chitseko, mpweya wake umakubweza. Iwo analowa atatsinzina, n'kuipachika ng'oma ya bambo athu pamtengo wapansi wopachikapo fodya, pamwamba penipeni pa mapaipi amoto. Anatuluka, anatseka chitseko, n'kupukuta m'manja.

“Tsamba la fodya lopyapyala ngati pepala ndimaliumitsa osalipsereza,” anatero. “Ndiye chikopa cha ng'ombe chingandikanike? Ndikangometa ndevu ndidzaitenga.”

Ndivomere pano: ndinawaombera m'manja. Chitsiru ine, ndinati banja lathu lili ndi nzeru.

Zimene zinachitika ine ndili kutchalitchi ndinazimva pambuyo pake. Anameta ndevu. Anaona kuti malaya ndi okwinyika, anayatsa makala a simbi yositira. Kenako tayi inawakanika kumanga, anazungulira komboni yonse kufuna womanga, n'kumupeza mkulu wina amene kale ankaphikira mzungu, yemwe sangamange tayi popanda kufotokoza mbiri yake yonse.

Tinatuluka m'tchalitchi, akwati atadalitsidwa, anthu n'kudzaza pabwalo. Ine anandikhazika kutebulo lapamwamba pafupi ndi asewere, mpando wa malume uli pambali panga wopanda munthu. Operekeza anaima pamzere kumapeto kwa bwalo. Mwana wanga anamubisa pakhomo la nyumba yoyang'anana ndi bwalolo, nsalu yoyera yokha ikuonekera. Tonse tikudikira ng'oma.

Ndipo ndinawaona akubwera. Suti, tayi yomangidwa bwino, nkhope yosalala, atanyamula chinthu chokulunga m'saka. Pambuyo pawo agalu anayi, michira ikugwedezeka. Asanafike n'komwe, fungo linafika, fungo la chikopa chowotcha. Anadzera kumbuyo kwa mpando wanga n'kunong'ona kuti, “Mlongo wanga, tabwera kuseri kuno pang'ono.”

Kuseri kwa khitchini anavundukula sakalo. Chikopa chinali chitang'ambika pakati n'kupiringizika m'mbali, chakuda bii. Phula la pakati linasungunuka n'kuyenderera. Mtengo wake unachita mng'alu kuyambira pamwamba mpaka pansi.

“Yauma,” anatero achimwene. “Kungoti yaumitsa.”

Ndinaseka. Sindikudziwa chinandigwira, koma ndinaseka chopindika, duku kupendama, agalu akundiyang'ana. Ndinaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira, poti imeneyi inali ng'oma imene bambo athu anaisenza pamsana kuchoka nayo kwawo. Mayi wina wophika anasuzumira n'kupukusa mutu. “Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika,” anatero.

“Iyi sinalire n'komwe!” ndinamukalipira.

Sipika inali ku Glendale, komwe ine ndinalamula kuti itsale, ndipo ndi matope amenewo palibe galimoto ikanapita n'kubwera dzuwa lisanalowe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ine ndinataya wapamphuno n'kudalira wapachala. Nditasuzumira pakona ndinaona asewere atakhala mwaulemu manja pamiyendo, akuyang'ana komwe tinalowera.

Koma achimwene anali atawongola kale tayi. “Usalire. Mphatso ili m'manja, siili m'chikopa. Chigubu chako chija chili kuti?”

Anachikhazika pakati pa bwalo, anavula jekete, anapinda malaya, n'kuyamba.

Ndinene chilungamo pamaso pa Mulungu. Chigubu chomwe chija, chimene masabata asanu ndi imodzi chinkangoti du, du, pa, chinayankhula. Chinaseka, chinanyoza, chinaitana anthu mayina. Ophika anasiya miphika pamoto n'kutuluka ndi zipande m'manja. Nkhalamba zina zimene zinabwera ndi ndodo zinaiwala ndodozo. Amuna a asewere, munthu wosaseka wamba, phewa lawo linayamba kudumpha lokha. Abusa sanavule jekete, koma anamasula batani. Ine ndinabwerera pampando wanga chifuwa chili patsogolo, n'kuwagunda asewere ndi chigongono. “Mwamva, asewere? Sipika yanu ingachite zimenezo?” Kuimba kotero ine sindidzakufika ngakhale ndichite pulakatisi mpaka tsiku la maliro anga.

Kungoti iwo ankaimbira ukwati wina, umene unali m'mutu mwawo.

Mzere unanyamuka bwino. Masitepi khumi oyamba anayenda, ngakhale mofulumira. Kenako panafika poima poyamba. Milomo yanga inawerenga yokha, ndinadziwa kuti ndi pano. Ovina anaima n'kutembenuka. Achimwene sanaime. Anali atatsinzina, mutu chagada, ndipo m'pamene anawonjezera moto. Theka la mzere linayambanso kuyenda, theka linatsala. Wina anaponda chidendene cha mnzake, nsapato n'kutsala m'matope. Wawezulo anayamba kuliza, pyee, pyee, koma ndani akanamumva? Pofika poima pachiwiri anyamata awiri anagwada monga anaphunzirira, atatu sanagwade, ndipo wam'mbuyo, mnyamata wamtali wosoka matayala, anapunthwa pa wogwada n'kugwa chafufumimba. Anadzuka suti yonse ili matope, maso okha akuoneka. Bwalo lonse linaphulika ndi chiseko. Ana ankagubuduzika pansi. Ngakhale ine, Mulungu andikhululukire, kanandithawa kakuseka.

Kenako ndinayang'ana kukhomo kuja.

Mwana wanga anali atatuluka pang'ono, maluwa m'manja, mkwati pambali pake. Ankadikira poima pachitatu, ndipo panalibenso mzere woti ugawikane. Sankalira. Ankangondiyang'ana ine, modutsa anthu onse osekawo, osaphethira. Kuseka kunandithera pomwepo. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinachita mantha.

Kuimba kuja kunayamba kutsimphina. Mikono imene yakhala zaka ikunyamula zikuni zokha inawauma achimwene m'mapewa, mpweya unawachepera, malaya ananyowa chuu. Anatsegula maso kuti aone mmene anthu akuwatamira. Anaona wamatope uja, anaona atsikana atabalalika, wina akudumpha ndi mwendo umodzi kufuna nsapato yake. Anaona mwana wa mlongo wawo pakhomo. Manja awo anagwera pachigubu n'kukhala pomwepo.

Ndinayesa anena kuti chigubu n'choipa, kapena kuti ana a masiku ano sadziwa kuvina. Achimwene anga sanagonjepo kwa munthu chikhalire. Koma anaimirira pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kutebulo lapamwamba, n'kuitana mokweza anthu onse akumva.

“Mlongo wanga, bwera udzakhale apa. Nyimbo iyi ndi yako, ine sindikuidziwa.”

Mayi wa mkwatibwi sachoka patebulo. Amakhala n'kumalandira ulemu, ndiwo mwambo wake. Ndinayang'ana asewere. Iwo anangondichotsera kachikwama pamiyendo panga n'kunena kuti, “Pitani, asewere. Ndikusungirani.” Ndinavula nsapato zobwereka zija, n'kuzisiya pansi pa tebulo, n'kudutsa bwalo lonse chopanda nsapato. Ndinakhala pa njerwa, ndinakwinya chilundu chatsopano, n'kupana chigubu ndi mawondo. Wawezulo anawabweza onse kumapeto kwa bwalo, wamatope yemwe. Analiza kamodzi.

Du, du, pa. Du, du, pa.

Wina kumbuyo anaseka, poti pambuyo pa zimene anamva zija, zanga zinali ngati madzi pambuyo pa maheu. Sindinasamale. Maso anga anapeza mapazi a mtsikana wotsogolera n'kukakamira pomwepo. Mapazi makumi awiri anagwa pansi nthawi imodzi, kenanso nthawi imodzi. Poima poyamba ndinaima. Anatembenuka onse ngati munthu mmodzi, ndipo ndinamva bwalo likuti, “Eee!” Achimwene anali atanjuta pambali panga, suti ili m'matope, maso ali pa manja anga. Pang'onopang'ono anayamba kugogoda ndi zala ziwiri zokha m'mbali mwa chigubu, motsitsa, akulowetsa timawu tawo m'mipata ya du ndi pa wanga. Ndikaima, ankaima. Anaphonya kamodzi, n'kudziluma mlomo. Poima pachiwiri mawondo asanu anagunda pansi limodzi, nthungululu n'kuyamba.

Poima pachitatu. Mapazi anagawikana, awa uku, awa uku. Phokoso limene linabuka pamenepo linandiuza kuti watuluka.

Anthu amati mwana wanga analowa bwino kwambiri. Amati ankamwetulira, amati ankayenda ngati sakuponda pansi, amati asewere anga analira. Ine sindinaone. Ndikanadzutsa mutu chiwerengero chikanandithawa, ndiye ndinaweramabe, ndikuwerenga, misozi ikugwera pachigubu. Chimene ndinaona ndi mpendero wa diresi loyera ndi tinsapato tiwiri toyera tikudutsa pakati pa mapazi enawo, tikugwa pa du, pa du, pa pa, osaphonya.

Pamapeto pa masitepi akwati amapita kukagwadira makolo kutebulo, woimba n'kutseka ndi kumenya kumodzi kwamphamvu. Ndinaona tinsapato tija tikulunjika kutebulo. Kenako tinsapatoto tinaima. Tinatembenuka, nsapato zakuda za mkwati zikutsatira, n'kubwera molunjika kwa ine. Diresi loyera lija linatsika lonse m'matope patsogolo pa chigubu changa.

Ndinadzutsa mutu. Nkhope yake inali pafupi, yonyowa, ikuseka.

Dzanja langa linali m'mwamba kale kuti nditseke nyimbo, ndipo linakana kutsika. Chiwerengero chonse chinathawa. Bwalo lonse linadikira, ovina ali chiimire, wezulo ali pakamwa. Achimwene anatambasula dzanja lawo pansi pa langa n'kumenya kamodzi, gu, pamalo pake penipeni.

Ine ndinalira chokweza, kukamwa yasa, pamaso pa asewere ndi anthu onse a ku Glendale, ndipo mwana wanga anandipukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu yake yoyera ya kumutu.